Puloti yotchipa ku Kabwe pafupi ndi mgodi wakale, ndigule kapena ndisiye?

Mayi wa ku Chipata: Abale ndithandizeni nzeru, alamu anga andipezera puloti ku Kabwe chaku Chowa ndipo mtengo wake ndiwotsika mpaka ndikukayika. Ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo akukwawa kumene. Anthu akuti dothi lakumeneko lili ndi mtovu, koma mgodiwu si unatsekedwa 1994? Zaka zonsezi mvula siinakokolole zimenezo?

Wokulira ku Kasanda: Mayi, mtovu suwola ayi. Mgodi uja unagwira ntchito zaka pafupifupi 90, utsi wa posungunulira miyala unkangogwera m'makomo mwa anthu, ndipo chimulu cha zotsalira chija amati Black Mountain chilipobe, anyamata amakumbabe pomwepo kusaka zogulitsa. Ikafika Ogasiti mphepo ikayamba mumasesa m'nyumba m'mawa, pofika masana fumbi ladzadzanso pawindo ndi pa mbale. Kasanda, Makululu, Chowa nkhani yake ndi imodzimodzi.

Wa zoyezayeza: Musapereke ndalama musanayezetse dothi, basi. Pali kamakina kogwira pamanja kotchedwa XRF, amangokaloza pansi nkuwerenga pompo, koma asayeze malo amodzi nkunena kuti zili bho, ayeze pakhomo, kuseri komwe mudzalime ndiwo, pomwe ana azidzasewera ndi m'mbali mwa ngalande, makamaka dothi lapamwamba chifukwa ndi lomwe mwana amaika mkamwa. Yambani kufunsa ku khonsolo ndi ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Kukonza kumatheka, amapala dothi lapamwambalo, kuyala chinsalu chotchinga, kuthira dothi labwino lochokera kutali kenako kapinga kapena simenti. Vuto ndiloti mukakonza panu pokha pomwe kwa aneba ndi msewu kuli fumbi lomwelo, pakapita nthawi zimabwereranso. World Bank inavomereza ndalama zoposa 65 miliyoni dolazi mu 2016 zokonzera madera a migodi kuphatikizapo Kabwe, koma chimulu chija sichinachotsedwe, nde gwero lake lilipobe.

Bambo wa minibasi: Inunso mukuwaopseza mayiwa, anthu akukhala komweko, akubereka, ana akupita kusukulu. Puloti yotchipa masiku ano muipeza kuti?

Wa zoyezayeza: Bambo, mtovu suonetsa zilonda. Mwana amaoneka wabwinobwino koma ubongo ukuonongeka, mumadzangodabwa mkalasi sizikulowa, umadziwika poyeza magazi basi. Mlandu womwe anthu a ku Kabwe anasumira kampani ya migodi ya Anglo American ku khoti la ku Johannesburg mu 2020 unali wa ana ndi amayi okhudzidwa ndi mtovu womwewu. Ndipo mayi, ngati muli ndi chizolowezi chodya dothi mukakhala oyembekezera, kumeneko musayerekeze.

Mayi wa ku Chipata: Zikomo nonse. Ndawauza alamu kuti mwini malo alole tiyeze kaye, akakana ndiye kuti akudziwapo kanthu. Nanga nkhuku zachikuda zoti zizingopalasa pabwalo, mazira ake tingadye?

Wokulira ku Kasanda: Zimenezo zitsekereni mkhola la simenti mayi, zikamatola pansi zimadya dothi lomwelo.