Ndikupempha malangizo pa kaphikidwe ka nsawawa zouma zong'aluka pakati

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kuphika nsawawa zouma zomwe amazichotsa makoko n'kuzing'alula pakati. Ndaona kuti sizipsa ngati nyemba kapena khobwe. Popeza zilibe makoko, sizifuna kuviika usiku wonse, ndipo pakatha mphindi 45 kapena ola limodzi zimakhala zitaphwanyika zokha n'kusanduka msuzi wolimba, pamene nyemba zimakhalabe zamphumphu ngakhale zitapsa bwino.

Vuto langa lili pamenepo. Zikayamba kuphwanyika zimakhazikika pansi pa poto n'kuyamba kupserera, pamwamba madzi akadalipo ambiri. Kodi njira yabwino ndi kuchepetsa moto n'kumatakasa pafupipafupi, kapena madzi ndiwo ayenera kuchuluka kuyambira pachiyambi?

Ndikufunanso kudziwa nthawi yoyenera kuthira tomato, chifukwa zinthu zowawasa zimachedwetsa kufewa kwa mbewu za mtundu wa nyemba. Kodi ndidikire mpaka zitafeweratu? Nanga nsawawa zachikasu, zomwe ineyo ndimazikonda chifukwa sizitsekemera ngati zobiriwira, zingalowe m'malo mwa nandolo wong'aluka popanda kusintha nthawi yophikira? Ndidzayamikira kwambiri thandizo lanu.