Kamera ya laputopu yasiya kugwira ntchito nditaika Windows 11

Nachisale:
Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa bwino za makompyuta. Lachiwiri lapitali ndinachotsa Windows 10 pa laputopu yanga n'kuika Windows 11, chifukwa ndinamva kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zonse zikuyenda bwino kupatula kamera yokha. Ndikalowa pa Zoom anzanga amandimva koma sandiona, ndipo ndikatsegula pulogalamu ya Camera pamangoti bii, kenako pamatuluka nambala yakuti 0xA00F4244. Lolemba likubwerali ndili ndi mafunso olowera ntchito a pa intaneti amene amafuna kuti nkhope ioneke, choncho mtima wanga suli m'malo. Kodi kamerayi yapsa, kapena pali chimene ndingakonze ndekha?

Gama:
Mayi, musafulumire kunena kuti yapsa, pakuti kamera imene inkagwira ntchito Lolemba siingafe Lachiwiri chifukwa chongosintha Windows. Mwachita bwino kulemba nambalayo, chifukwa ndi imene ikutiuza kolowera. 0xA00F4244 imatanthauza kuti Windows sakuiona kamera n'komwe, pamene 0xA00F4243 imatanthauza kuti kamera ilipo koma pulogalamu ina yaigwira kale. Yambani mwayang'ana laputopuyo ndi maso: ena amakhala ndi kabatani kam'mbali kapena batani la pa kiyibodi lokhala ndi chithunzi cha kamera, ndipo munthu akalidina mosadziwa kamera imazimiririka ngati kuti kulibe. Mukatero lowani mu Settings, musankhe Privacy & security, kenako Camera, ndipo muonetsetse kuti Camera access ndi yoyatsa, pamodzi ndi ya m'munsi yolembedwa kuti Let desktop apps access your camera, pakuti Zoom imadalira imeneyi.

Chisale wa ku Johannesburg:
Zimene anena a Gama n'zoona, koma ine ndikukayikira kwambiri dalaivala, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti Windows ndi kamera azimvana. Nthawi zambiri dalaivala wakale amatsalira pamene Windows wasintha, ndipo awiriwo samvananso. Dinani batani la Windows ndi X nthawi imodzi, mutsegule Device Manager, kenako mufufuze pa Cameras kapena pa Imaging devices. Ngati kamera yalembedwa koma ili ndi kachizindikiro kachikasu, idineni ndi batani lakumanja, musankhe Uninstall device, ndipo muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso kuti Windows aifufuze yekha. Zikakanika, bwererani pomwepo, musankhe Update driver, muuze kompyuta kuti musankha nokha pa mndandanda, ndipo mudine USB Video Device, amene ndi dalaivala wa Windows mwini woyendetsa makamera ambiri.

Koma dziwani kuti malaputopu ena atsopano ali ndi kamera yosadutsa pa USB, ndipo pa amenewo dzina limenelo simudzaliona. Pamenepo njira n'kupita pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, kulemba nambala imene imakhala kunsi kwake, n'kutenga dalaivala wa kamera wa Windows 11. Ndikuchenjezeni mwamphamvu kuti musatenge madalaivala pa masamba achilendo amene amalonjeza kukonza zonse nthawi imodzi, chifukwa ndaona makompyuta ambiri atadwala nawo.

Nabanda:
Anzanga aiwala nkhani ya masiku. Windows 11 amalola kubwerera ku Windows 10 mkati mwa masiku 10 okha, kudzera mu Settings, System, Recovery, Go back, bola musafute foda yotchedwa Windows.old. Sindikukulangizani kukhalitsa kumeneko popeza Windows 10 sakusamalidwanso, koma ngati pofika Loweruka kamera idzakhala isanadzuke, bwererani kaye kuti mafunso anu asalephereke. Ikaninso Zoom pa foni yanu ndipo muiyese Lamlungu.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Za mu Privacy zinali zoyatsa kale, koma mu Device Manager ndinapeza kachizindikiro kachikasu kaja. USB Video Device sanaoneke pa mndandanda, choncho ndinatenga dalaivala pa tsamba la opanga laputopu monga ananenera a Chisale, ndipo nditayatsanso kompyuta kamera inadzuka. Ndayesa ndi mchemwali wanga usiku uno ndipo amandiona bwinobwino, ngakhale Zoom ya pa foni ndaiikabe podikira Lolemba.