Chingwe ndichikweza bwanji pa bulugamu wopanda nthambi za m'munsi?

Wamacheka wa ku Bvumbwe:
Abale anga thandizeni, tsiku lonse lapita pachabe. Ndapeza ntchito yogwetsa mabulugamu atatu kuseri kwa nyumba ya munthu. Awiri ndagwetsa ndi weji basi, chija timakhomera podulapo kuti mtengo upendekeke. Wachitatuyu ndiye wandiimitsa mutu. Kutalika ngati mamita 25, wapendekera kudenga, mphanda yoyamba ili mwina pa mamita 14, ndipo waya wa magetsi wolowa m'nyumba wadutsa chakumanja. Chingwe ndili nacho, tirfor (makina okokera pamanja) ndabwereka, koma chingwecho chikafika bwanji kumwambako? Ndamanga mwala ku twaini, ndaponya mpaka phewa kuwawa. Kamodzi kokha unadutsa, n'kudzikulunga pa nthambi, pano ukulendewera komweko. Throw line, kachingwe koponyera kumwamba, ndi kathumba kake ndinafunsa m'mahadiweya ku Limbe, sindinapeze. Mwini nyumba akufuna mtengo ukhale pansi Loweruka. Mumatani anzanga?

Achimwene a ku Luchenza:
Mwala usiyeni achimwene, umakodwa, komanso ukabwerera umabwera pamutu panu kapena pamalata a eni ake. Dulani mwendo wa jinzi yakutha, sokani kathumba, thiranimo mchenga wouma wokwana magalamu 300, cha pamenepo. Kakhale koterera, kopanda mfundo yaikulu, kuti katsike kokha kakadutsa pamphanda. Twaini ikhale ija ya omanga nyumba, ndipo muziiunjika m'ndowa osati pansi, kupanda kutero ikodwa m'udzu kathumba kali m'mwamba. Poponya musamachite ngati mukugenda mango. Kalendewetseni pakati pa miyendo, kagwedezeni kawiri katatu, kenako mutaye ndi manja onse awiri. Zikakanika pangani legeni yaikulu: mtengo wa mphanda wautali ngati inuyo, mphira wa chubu cha galimoto mbali zonse ziwiri, tsinde lake muzike pansi. Mamita 14 imafika bwinobwino. Nkhope isakhale kumbuyo kwa mphirawo, ukaduka umamenya diso.

Madala a ku Thunga:
Zonsezi n'zotaya nthawi. Kwerani mumange chingwe ndi manja anu. Ine ndadula mabulugamu a nkhuni za fakitale ya tiyi kuyambira ndili mnyamata, legeni sindinaigwirepo. Mfundo yomwe sunaione ndi maso ako ungaikhulupirire bwanji pomwe pansi pali nyumba ya munthu?

Wa ku Chitakale:
Madala, ndi chiperoni chimenechi? Khungwa la bulugamu likanyowa limaterera ngati sopo, komanso limasendeka lokha. Mnyamata amene ndinkagwira naye anakwera mtengo wa peyala, wanthambi zambirimbiri, osati wosalala ngati uwu. Atafika pakati anapeza njuchi m'mphako. Analibe lamba, anadumpha. Mwendo unathyoka pawiri, miyezi inayi ali chigonere, ana ake tinkawasonkhera ufa ife. Kuyambira pamenepo wopanda harness, lamba wokwerera uja, kwa ine sakwera, ngakhale mwini ntchito akalipe bwanji.

Madala a ku Thunga:
Ameneyo sanauyang'ane mtengo asanakwere. Njuchi zimaoneka uli pansi. Vuto silinali kukwerako.

Wamacheka wa ku Bvumbwe:
Madala harness ndilibe, spikes (zitsulo za kumapazi zokwerera) ndilibe, sindikwera. Za kathumba ndamva. Nanga twaini ikadutsa pa kanthambi kakang'ono m'malo mwa mphanda yeniyeni?

Achimwene a ku Luchenza:
Bwezani muponyenso. Musakokere pa nthambi yokha, ithyoka mtengo uli pakati pa ulendo. Chingwe chizungulire thunthu. Chikadutsa pamphanda n'kutsika, mangani mfundo ya bowline mokhala ngati khwekhwe, muikoke ikwere mpaka ikagwire.

Alamu a ku Likhubula:
Pa bulugamu wowongoka ine sindiponya kanthu. Khwekhwe ndimamangira pansi pomwe mozungulira thunthu, lotakasuka, kenako ndimalikankha ndi nsungwi ziwiri zolumikiza ndi mphira, kunsonga kuli kangowe kachitsulo. Mamita 9 kapena 10 ndimafika, n'kukoka kuti lithine. Sipofanana ndi pa 14, koma n'kutali ndi kumanga pamene makwerero athera. Chingwe chikakhala m'munsi tirfor imalemedwa, hinji, mbali ya thunthu yomwe timasiya osadula kuti iwongolere mtengo pogwa, ndi imene imavutika. Koma mwatchula waya. Nsungwi yaiwisi kapena yonyowa, ngakhale twaini yonyowa, pafupi ndi magetsi ndi imfa. Pitani ku ESCOM mukapemphe azimitse kapena atsitse waya ameneyo musanayambe chilichonse. Loweruka la mwini nyumba lisakuthamangitseni.

Wa ku Chitakale:
Funso langa ndi chingwecho. Ngati ndi chabuluu chija timamangira katundu pa lole, musachiike pa tirfor. Chikakhalitsa padzuwa chimafumbwa, ukachipotokola chimatulutsa ufa. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 tinkachotsa mitengo yotsamira nyumba kuno ku Mulanje, aliyense ndi chingwe chomwe wapeza. Anthu asanu ndi awiri akukoka mbawa yomwe mizu inali itazuka kale mbali imodzi, chingwe chinaduka, chinabwerera ngati chikoti n'kung'amba munthu tsaya. Mtengo unabwerera kumbuyo n'kukhalira podulapo, bar ya macheka anga inapanidwa n'kupindika. Tinali ndi mwayi kuti m'nyumbamo munalibe munthu. Ndiye okoka atalikire, mtengo wa mamita 25 ndiye kuti iwo akhale pa 50. Chingwe chikachepa, dutsitsani pa pulley pa tsinde lina kuti wa tirfor aime pambali, osati pomwe mtengo ukugwera.

Madala a ku Thunga:
Mwaona? Chingwe chinaduka chifukwa palibe anakwera kukaona pomwe chikukhuzika. Ndikunena zomwezi.

Wa ku Chitakale:
Chinadukira pansi madala, pafupi ndi manja athu.

Achimwene a ku Luchenza:
China chimene sitinanene: musakoke kwambiri musanadule. Bulugamu wamoyo ukamukoka mwamphamvu hinji ikadali yokhuthala amang'ambika chokwera, tsinde limakankha kumbuyo pomwe pali mutu wa wodula. Mangani tcheni kapena lamba wa ratchet pamwamba pa notchi, mpata uja mumadula mbali yomwe mtengo ugwere. Chingwe chingolimba pang'ono, dulani kumbuyo, lowetsani weji, wa tirfor azikoka mukamuuza inuyo basi. Hinji musaimalize, ikatha chingwe sichiwongoleranso kanthu. Ndipo galimoto kapena thirakitala ayi, dalaivala samva kulemera kwa mtengo.

Alamu a ku Likhubula:
Onaninso ngati mulibe chiswe mkati. Menyani ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, mukamva kulira ngati ng'oma hinjiyo musaidalire. Anthu atuluke m'nyumba, ana apite kutali. Mwala wanu ukulendewera uja muukumbukire, ugwa nthawi imene mtengo wayamba kugwedezeka.

Madala a ku Thunga:
Bvumbwe si kutali. Ndilipireni minibasi ndibwere ndi lamba wanga, mphindi khumi chingwe chili pamwamba.

Wa ku Chitakale:
Tirfor mwabwerekayo ndi ya matani angati achimwene? Ine ndikufuna ya sabata yamawa, ndili ndi paini awiri ku Muloza. Komanso amene akudziwa komwe kukupezeka tcheni choyambirira cha macheka a MS 381 andiuze, chomwe ndinagula mwezi watha chikufutukuka tsiku lililonse.

Achimwene a ku Luchenza:
Mumachithira oilo wanji? Ngati ndi wakuda wochotsa mu injini, yambani mwasiya ameneyo.