Mngelezi akakutcha "grass" amatanthauza chiyani?

Wa ku Leeds:
Abale anga, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ya usiku panyumba yosamalira okalamba kuno ku England. Sabata yatha ndinapeza agogo ena atagwa m'bafa, akunjenjemera ndi kuzizira, pomwe mnzanga woyenera kuwayang'anira anali mtulo pampando. Ndinalemba m'buku la malipoti momwe zinachitikira. Kutacha, tikuvula mayunifolomu, anandiyang'ana n'kunena liwu limodzi lokha: "grass". Kuyambira tsikulo moni sandipatsa. Ine grass ndimadziwa kuti ndi udzu, uja tinaphunzira ku pulayimale. Nanga udzu ukundikhudza bwanji? Ndinkayesa akuti ndine wachabechabe ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, koma nkhope yake inkanena zoposa pamenepo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Pepani mayi, liwulo ndi lolemera. Ku Britain grass ndi munthu woneneza anzake kwa apolisi kapena kwa mabwana. Kwathu tingati kazitape. Akati "you grassed me up" ndiye kuti wandipereka.

Linayamba kumveka cha m'ma 1930 pakati pa mbava za ku London. Anthu a kum'mawa kwa mzindawo ali ndi kayankhulidwe kobisa mawu: amasankha liwu lomveka mofanana kumapeto ndi lomwe akubisalo, kenako n'kulidula mchira. Wapolisi amamutcha copper. Copper amamveka ngati grasshopper, chomwe ndi chiwala. Chiwalacho akachidula, chotsala ndi grass. Ena amati gwero lake ndi shopper, poti "to shop" munthu ndi kumugulitsa kwa apolisi, ndipo nalonso limagwirizana ndi chiwala chomwecho. Palinso amene amaloza mwambi wa njoka yobisala mu udzu, umene Angelezi anautenga kwa Virgil, mlakatuli wa Chilatini wa zaka zoposa 2000 zapitazo. Ine ndimatsamira ku chiwala. Mu mwambi uja woipa ndi njoka, udzu ulibe mlandu, ndiye sindiona chifukwa chake chitonzo chikanagwera udzu.

Dalaivala wa ku Manchester:
Achemwali, musalitenge mopepuka, kuno liwuli limadula chibale. Ana asukulu amakula akudziwa kuti palibe choipa kuposa kukhala grass. Palinso supergrass, chigawenga chimene chimaulula gulu lonse kuti chokha chipulumuke. Wodziwika kwambiri ndi Bertie Smalls, wakuba m'mabanki ku London, amene m'ma 1970 anachitira umboni anzake ambirimbiri iye n'kusiyidwa osazengedwa mlandu. Ku Northern Ireland m'ma 1980 anthu ambiri anamangidwa pa umboni wa ma supergrass, koma milandu yambiri inagwa itachitidwa apilo. Inu simuli m'gulu limenelo ayi. Smalls ankagula ufulu wake. Inu mwagulapo chiyani?

Mkulu wa ku Ntcheu:
Mwana wanga, nkhani yakoyi yandikumbutsa liwu lathu limene achinyamata ambiri salidziwa gwero: kapirikoni. Mu 1949 msilikali wa ku Britain, David Stirling, anayambitsa bungwe la Capricorn Africa Society. Linkalalikira kuti mitundu ikhalire limodzi, koma voti ipatsidwe molingana ndi maphunziro ndi chuma cha munthu. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, omenyera ufulu ankaona munthu wakuda wolowa m'bungwelo ngati wogulitsa dziko. Posakhalitsa aliyense wokayikiridwa kuti akudyera kwa azungu anasanduka kapirikoni, ngakhale amene bungwelo sanalimvepo n'komwe.

Bambo anga aang'ono anali mesenjala ku boma. Ntchito yawo inali kunyamula makalata pa njinga basi. Tsiku lina wina anawatcha kapirikoni pa mowa, ndipo dzinalo linawamatirira. Ndikukumbukira mayi aang'ono akubwera kuchitsime ndi ndowa pamutu, amayi anzawo atasiya kuyankhula iwo atangofika. Ndinali mwana, koma bata lija sindinaliiwale. N'chifukwa chake moni wakumanidwawo ndikuwumva kuwawa kwake. Mawu ngati awa safunsa kuti wanena zoona kapena zabodza, amangofunsa kuti wauza ndani.

Wa ku Area 25:
Ine ndimadziwa kuti grass ndi chamba. Sizomwezo?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Nalonso lilipo, achimwene, koma si la pankhani ino. Liwuli lili ndi nthambi zambiri. Wogwira ntchito akamupumitsa chifukwa cha ukalamba amati amutulutsira ku msipu, ngati hatchi yotopa. Grassroots ndi anthu wamba, mizu ya udzu, liwu lija a mabungwe amalikonda m'misonkhano. Limene limandigwira mtima ndi grass widow. M'zaka za m'ma 1500 linkanena mkazi wobereka asanakwatiwe, koma masiku ano ndi mkazi amene mwamuna wake ali moyo koma ali kutali nthawi yaitali. Mayi anga anali otero zaka zonse zimene bambo anali ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Mkazi wamasiye si iwo, wapabanja weniweni si iwonso. M'Chichewa liwu limodzi la zimenezi ndalifunafuna osalipeza.

Wa ku Leeds:
Zikomo nonse, makamaka inu agogo a ku Ntcheu, ndawerenga kawiri. Tsopano ndamva chimene ananditcha, ndipo chandipweteka kuposa pamene sindinkachidziwa. Lipotilo sindilisintha. Agogo aja anagwa m'bafa abwerako kuchipatala dzulo, ali ndi bandeji pachigongono, ndipo usiku uno ndine ndikawasambitse. Mnzanga uja tili naye pa shifiti imodzi Lachinayi. Ndikamupatsa moni ndine, kaya ayankha kaya sayankha.