Kodi ku America anasiya liti kupanga mfuti za chifefe za tinyundo takunja?

Mdzukulu wa ku Namwera

Akuluakulu, ndabwera ndi funso lomwe takhala tikukangana nalo pabanja pathu. Agogo athu aamuna anatisiya chaka chatha, ndipo pamene tinkalongosola katundu wawo tinapeza mfuti ya chifefe ya mipope iwiri itakulungidwa m'chiguduli pamwamba pa mitanda ya denga. Kumbuyo kwa mipopeyo kuli tinyundo tiwiri toimirira ngati makutu a kalulu, timene munthu amayamba watikokera kumbuyo ndi chala chachikulu asanawombe. Zilembo za pachitsulo cha m'mbali zinafufutika, koma mawu oti "Norwich, Conn." akuwerengeka bwinobwino. Amalume akunenetsa kuti agogo anaigula ili yatsopano m'zaka za m'ma 1950 kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya pomwe ankagwira ntchito, pamene ine ndikuona kuti ndi yakale kuposa apo. Kodi opanga mfuti a ku America anasiya liti kupanga mfuti za mtundu umenewu?

Mphunzitsi wopuma, Malindi

Mwana wanga, pepani ndi zovutazo. Chaka chimodzi chomwe onse anasiyira palibe, chifukwa kampani iliyonse inasiya pa nthawi yake, ndipo kuchokera pa yoyamba kufika pa yomaliza panadutsa zaka zoposa makumi anayi.

Chiyambi cha kusinthaku chinali ku Birmingham, ku England, m'chaka cha 1875, pamene Anson ndi Deeley, omwe ankagwira ntchito ku kampani ya Westley Richards, anapeza njira yobisira tinyundoto m'kati mwa chitsulo, kotero kuti munthu akathyola mfuti kuti aikemo zipolopolo, tinyundo timadzikoka tokha. Anthu a ku America sanachedwe kutsatira. Kampani ya Colt inapanga mfuti yake ya tinyundo takunja kuyambira 1878 mpaka 1889, koma pofika 1883 inali itatulutsa kale ina ya tinyundo tobisika. Remington inapitiriza ndi mfuti yake ya tinyundo takunja, Model 1889, mpaka cha m'ma 1908, ndipo mu 1910 inaleka kupanga mfuti zake za mipope iwiri yogundizana m'mbali kuti iike mtima pa mfuti zolowa zipolopolo zingapo. Parker Brothers ya ku Meriden ndi Ithaca ya ku New York zinafika nazo mpaka nyengo ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ngakhale kuti panthawiyo ogula ambiri anali atatembenukira kale ku zatsopano.

Amene anakakamira kwambiri ndi omwe ankagulitsa kwa alimi. Mfuti za L.C. Smith za tinyundo takunja, zopangidwa ndi Hunter Arms ku Fulton, zinafika mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, chimodzimodzinso Model 235 ya kampani ya Stevens. Mlimi ankaikonda mfuti yotere chifukwa inali yotsika mtengo, maso ake ankamuuza okha ngati yatcheredwa kapena ayi, ndiponso kasipulingi kakathyoka mmisiri wa zosulasula wa m'mudzi ankatha kukonza. Mavuto a zachuma omwe anayamba mu 1929 ndiwo anamaliza zonse.

Tsono mawu omwe mwawerengawo ndi umboni wokwanira. Ku Norwich m'chigawo cha Connecticut kunali Hopkins & Allen, yomwe inagwa nthawi ya nkhondo yoyamba ija, komanso Crescent Fire Arms, yomwe inali m'manja mwa H. & D. Folsom kuyambira 1893 mpaka pamene kampani ya Savage inaigula cha m'ma 1930. Crescent inkapanga mfuti zambirimbiri zotsika mtengo, ndipo sitolo iliyonse yoitanitsa zochuluka inkadindiridwa dzina lomwe yafuna, n'chifukwa chake mfuti imodzimodziyo imapezeka ndi mayina oposa zana. Kaya yanuyo inachokera ku kampani iti mwa zimenezi, pofika 1950 inali itatha zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Amalume anu musawatsutse mwamwano, popeza mfuti yosamalidwa bwino, yopakidwa mafuta, imaoneka yatsopano kwa mnyamata amene akuiona koyamba.

Mlimi wa ku Nankumba

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikupempha kuti tisiyanitse zinthu, kuopa kuti wina angachoke pano akuganiza kuti mfuti iliyonse ya ku America yokhala ndi kanyundo koonekera ndi ya chaka cha 1930 chisanafike. Zomwe anenazo zikukhudza mfuti za mipope iwiri zokha. Winchester Model 1897, ya mpope umodzi imene munthu amakoka chogwirira cha kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe, ili ndi kanyundo kakunja, ndipo inapangidwa mpaka 1957. Nazonso mfuti zothyola za mpope umodzi, zolowa chipolopolo chimodzi, sizinasiye kanyundoko: Harrington & Richardson inapitiriza kupanga zotere mpaka zaka za m'ma 2000. Bambo anga anali ndi ya mpope umodzi yothamangitsira nguluwe m'munda wa chinangwa, ndipo ndimakumbukira kuti chitsulo cha pamutu pa kanyundoko chinali chitasalala n'kumawala chifukwa cha chala chawo.

Chinanso n'chakuti dzina lolembedwa pa mfuti limanamiza. Mfuti zambiri zomwe zinkagulitsidwa ku America zinkapangidwa ku Liège m'dziko la Belgium, ndipo ena ankazidinda mayina ofanana ndi a makampani otchuka, monga "T. Parker" kapena "W. Richards", pofuna kukopa ogula. Achimwene a ku Namwera, chotsani kathabwa ka pansi pa mipope, mugulule mipopeyo, muyang'ane pansi pake pamalo ophwatalala. Mukaona zilembo za ELG zili m'kati mwa chizindikiro chozungulira ngati dzira, dziwani kuti mipopeyo inayesedwa ku Belgium. Ku America kunalibe nyumba ya boma yoyesera mfuti ngati za ku Birmingham ndi ku Liège, choncho pa mfuti yeniyeni ya kumeneko nthawi zambiri mumangopeza nambala ndi tizilembo ta kampani.

Mayi wa pa Boma

Ine za zaka ndasiyira abambowa, koma nkhawa yanga ili poti pabanja sipalephera kupezeka mnyamata wofuna kuyesa ngati mfuti ya agogo ikulirabe. Chonde musalole zimenezo. Mfuti zambiri za nthawi imeneyo zili ndi mipope yotchedwa Damascus, yomwe inkapangidwa popota timizere ta chitsulo mozungulira ndodo n'kutisula mpaka titagwirana. Mukapukuta fumbi n'kuona mizere yopotana ngati maluko a dengu, ndi imeneyo. Dzimbiri limalowa m'malumikiziro momwe diso silifika, ndipo yambiri mwa mipope yotereyi inapangidwira wonga wakuda wakale, osati wa masiku ano umene uli ndi mphamvu zochuluka. Kuwonjezera apo, malo olowa chipolopolo m'mfuti zakalezi kawirikawiri ndi aafupi kuposa mamilimita 70 a zipolopolo zomwe zili m'sitolo lero. Chipolopolo chimalowa ndithu, mfuti n'kutsekeka, koma powomba kukamwa kwake kumasowa potambasukira, ndipo mpope ukaphulika umaphulikira pafupi ndi pamene pali dzanja lamanzere.

Musaiwalenso za malamulo. Chilolezo cha mfuti chimakhala cha munthu, sichilowa m'gulu la chuma chamasiye ngati njinga kapena ngalawa. Funani mapepala a malemuwo, ndipo mupite nawo kupolisi mukafotokoze musanayambe kuyenda nayo mfutiyo pamsewu.

Mdzukulu wa ku Namwera

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo tinagulula mipope ija pamaso pa amalume. Zilembo za ELG palibe, pali nambala yokha, ndipo titapukuta ndi kansalu konyowetsa mafuta a makina osokera, pamwamba pa mawu a Norwich paja panaoneka zilembo zinayi zoyambirira, "CRES". Mizere yopotana sitinaione, koma m'kati mwa mpope wakumanja muli timaenje ta dzimbiri tambiri ndithu. Amalume avomera kuti mwina mzungu uja anabwera nayo ili yogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale akuti thabwa lake linkanyezimira tsiku lomwe agogo anafika nayo pakhomo. Chilolezo chakale tachipeza m'sutikesi pamodzi ndi ziphaso za msonkho, ndipo Lolemba tikutsika nacho ku Boma.