Nambala 14 yatigawanitsa m'kalabu: DRAWER kapena REWARD?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ntcheu

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa kalabu yanga ya Chingerezi ikumana Lachitatu masana. Mwezi wathawu tikukonza kabati ya m'laibulale tinapeza kabuku ka ma crossword a ku Britain, masewera odzaza mawu m'timabokosi poyankha mafunso, aja a mafunso obisa amati cryptic. Chikuto palibe, masamba a mayankho kumapeto chiswe chinadya. Ndinakopera imodzi pa bolodi, timabokosi 15 m'litali ndi 15 m'lifupi, kuti ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 tiyesere limodzi. Tatha nayo milungu iwiri. Mayankho ena tawapeza mongoganizira, koma mwana akandifunsa kuti "sala, chifukwa chiyani?" sindifuna kumuyankha kuti ndi momwemo basi. Omwe atikanika ndi awa:

6 chotsika: Teacher ruined area of land (7)
14 chopingasa: Artist sent back prize (6)
19 chotsika: Number three scrambled (5)
22 chopingasa: Sailor by himself gets shellfish (7)

Pa 14 ndiye pali mkangano weniweni. Mtsikana wina wa Fomu 4 akuti ndi REWARD chifukwa prize ndi mphoto ndipo zilembo zakwana zisanu ndi chimodzi. Mnyamata wina waona kuti REWARD ukaiwerenga chobwerera imatuluka DRAWER, ndiye wakakamira pamenepo. Koma onse awiri akundifunsa kuti dirowa ya tebulo ikugwirizana bwanji ndi munthu wojambula. Kalasi lagawikana pakati.

Mayi wophunzitsa ku Leeds

Achimwene, ana anuwo ndi anzeru, afika patali okha. Ine kuno ndinayamba zimenezi nthawi ya tiyi ndi aphunzitsi anzanga achizungu, ndipo ndinatha miyezi ndithu ndisanamvetse chinsinsi chake, chomwe ndi ichi: chiganizo chimene mukuwerengacho ndi nyambo chabe. Musamachiwerenge ngati nkhani. Funso lililonse lili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi tanthauzo la yankho, monga momwe dikishonale ingaperekere, ndipo limakhala koyambirira kapena kumapeto kwenikweni kwa funso. Mbali inayo ndi malangizo omangira yankholo chilembo ndi chilembo. Ntchito yanu ndi kupeza pamene pali msoko.

Tiyambe ndi 6. Mawu oti ruined sakunena kuti mphunzitsi anawononga munda. Akukuuzani kuti musokoneze zilembo za mawu oyandikana nawo. TEACHER ili ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, nambala ya kumapeto ndi 7, ndiye zagwirizana. Zisakanizeni mpaka zikupatseni muyeso wa malo. Ndi HECTARE, hekitala yomweyi ya kumunda. Mawu aliwonse onena za kuphwanya, kuledzera, kupenga, kuphika kapena kusokonekera amatha kugwira ntchito yomweyo ya ruined.

Tsopano ndiuzeni, 6 chotsika chikudutsa pa 14 chopingasa? Ngati chikudutsa, pa kabokosi kachingati?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ntcheu

Chikudutsa achemwali. Chilembo chomaliza cha 6 chikugwera m'kabokosi kachiwiri ka 14.

Mayi wophunzitsa ku Leeds

Ndiye mlandu watha. HECTARE imathera pa E. Chilembo chachiwiri cha REWARD ndi E, cha DRAWER ndi R. Mtsikanayo ndiye walondola. Za dirowa zija, muwauze kuti aiwale tebulo. Munthu wophunzitsa, to teach, ndi teacher. Munthu wojambula, to draw, ndi drawer. Ndiye artist ndi DRAWER, sent back akutiuza kuti tiwerenge chobwerera, zituluke REWARD, ndipo prize ndiye tanthauzo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Amayi a ku Leeds afotokoza bwino, koma ine ndiime kumbali ya mnyamatayo pang'ono. Musakamuuze kuti analakwa, chifukwa sanalakwe. Wolakwa ndi amene analemba funso. Taonani pamene aika sent back: pakati. Mukhoza kuwerenga kuti artist ndiye abwezedwe, mukhozanso kuwerenga kuti chobwezedwacho ndi prize, ndipo zikatero tanthauzo ndi artist, yankho n'kukhala DRAWER. Zonse ziwiri zikuyenda. Funso lolembedwa bwino liyenera kukhala ndi yankho limodzi lokha ngakhale timabokosi tonse tili tosalemba. Ili lachita kudalira chilembo cha funso lina kuti liweruzidwe, ndipo kumeneko ndi kufooka.

Nkhani ya chilungamo imeneyi ndi yakale kwa eni akewo. Crossword yoyamba inatuluka ku America mu 1913 m'nyuzipepala ya New York World, anaikonza Arthur Wynne, ndipo inali ya matanthauzo osabisa. Zobisazi zinakulira ku Britain. Edward Powys Mathers, yemwe ankadzitcha Torquemada, anayamba kulembera The Observer mu 1926, ndipo mafunso ake anali ozunza ndithu. The Times inayamba yake mu 1930. Amene anadzalowa m'malo mwa Mathers mu 1939 anali Derrick Macnutt, wodzitcha Ximenes, yemwenso anali mphunzitsi ngati ife. Iyeyu ndiye anaumirira kuti wolemba funso ali ndi ufulu wonyenga maso a wowerenga, koma alibe ufulu wonama. Liwu lililonse m'funsomo likhale ndi ntchito, ndipo galamala ya malangizowo ikhale yoongoka. Mpaka lero funso losunga malamulo amenewa amalitcha Ximenean.

Ndiye Lachitatu mukawapatse ana ntchito iyi: alembenso funso 14 kuti likhale ndi yankho limodzi. Akangosuntha mawu obwezawo n'kuwaika kumapeto kapena koyambirira, vuto latha. Mwachitsanzo, Prize for artist, returned. Pamenepo returned wagundana ndi artist yekha. Mwana amene wakonza yekha chiganizo chotere wamvetsa kufunika kwa malo a liwu m'chiganizo kuposa amene wakopera manotsi tsamba lathunthu.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ntcheu

Zikomo kwambiri bambo. Mnyamatayo akamva zimenezi mtima ukhala pansi. Tsono 19 ndayesa njira ya achemwali ija. Scrambled ndi kusakaniza, three ili ndi zilembo zisanu, ndiye ndikusakaniza THREE. Ndapeza THERE ndi ETHER. Koma palibe yomwe ili nambala.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Mwafika pakhomo, mwana wanga, kwangotsala kukankha chitseko. Bwererani kwa drawer uja. Ngati wojambula ndi drawer, nanga chinthu chochititsa dzanzi, to numb, chikhala chiyani? Number, koma b wake satchulidwa. ETHER ndi mankhwala ogonetsa amene madokotala akale ankanunkhitsa odwala asanawachite opaleshoni. Ndiye yankho ndi ETHER. Wolembayo anaika number pafupi ndi three mwadala kuti maganizo anu athamangire ku masamu.

Msampha wa -er umenewu mudzakumana nawo kawirikawiri. Wotchuka kwambiri ndi flower. Maso amaona duwa, pamene iwo akutanthauza chinthu choyenda ngati madzi, to flow, ndiye kuti mtsinje. Banker nayenso nthawi zina ndi mtsinje, chifukwa mtsinje uli ndi magombe, banks.

Mayi wophunzitsa ku Leeds

Abambo mwandikumbutsa kanthu. Ndinawalembera anzanga a kuno funso langa loyamba, linawatengera nthawi yonse ya tiyi: Malawian flower found in Yorkshire (5). Ankafufuza maluwa a kwathu pa foni. Found in akutanthauza kuti yankho labisala m'kati mwa liwu lotsatiralo, zilembo zili m'ndandanda wake osasuntha. York kenako SHIRE. Achimwene, ili mukawapatse ana anu, akalipeza msanga kuposa azungu chifukwa mtsinjewo ndi wawo.

La 22 ndi la mtundu wolumikiza zidutswa. Sailor ndi AB, chidule cha able seaman, udindo wa amalinyero m'sitima za ku Britain. By himself ndi ALONE. Phatikizani: ABALONE, nkhono ya m'nyanja ya mchere, ija ku South Africa amati perlemoen. Apa mwana wa ku Ntcheu sangadzudzulidwe. Sanaionepo nkhonoyo, ndipo AB sangaidziwe popanda womuuza. Zidule zoterezi zilipo zambiri, ndipo ndi za moyo wa kuno: love ndi O chifukwa pa tenesi ziro amati love, student kapena learner ndi L wa pagalimoto ya wophunzira kuyendetsa, worker kawirikawiri ndi ANT, nyerere yogwira ntchito ija, ndipo queen ikhoza kukhala ER, zilembo za Mfumukazi Elizabeth. Lembani tchati chimodzi cha zidulezi mupachike pakhoma. Kumeneko si kubera, ngakhale eni ake anachita kuziphunzira.

Wachiwiri kwa ahedi, Mulanje

Ndawerenga zonse ndipo ndasangalala nazo, koma ndifunse monga munthu amene amayang'anira ma scheme. Ana a Fomu 4 ali ndi MSCE kutsogoloku, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi satenga satifiketi. Kodi kudziwa kuti sailor ndi AB kumuthandiza chiyani pa pepala la MANEB? Ine nkhawa yanga ndi yoti tiwazoloweza kuti number ndi mankhwala, kenako akasokonezeke pa comprehension. Kwa a Fomu 3 ndilibe nazo vuto.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Nkhawa yanu ndi yomveka aphunzitsi, ndipo pa AB ndikugwirizana nanu, ameneyo sadzabwera pa mayeso. Koma taonani zimene ana awiri aja achita kwa milungu iwiri. Awerenga chiganizo cha mawu anayi mobwerezabwereza, akangana kuti verebu ikulamulira liwu liti, awerenga zilembo za liwu chimodzichimodzi. Pa zaka zonse zimene ndinachonga mapepala a ana, amene ankataya malikisi pa comprehension ambiri sikuti sankadziwa mawu. Ankathamanga, n'kuyankha funso limene akuliganizira m'malo mwa limene lalembedwa. Masewerawa amachiza matenda amenewo. Ola limodzi pa mlungu, m'kalabu, osati m'piriyodi, ndipo teremu yomaliza a Fomu 4 apumule. Pamenepo sindikuona choopsa.

Mphunzitsi wa Chichewa, Kasungu

Ndakhala chete chifukwa Chingerezi si phunziro langa, koma zimene mukukambazi ine ndikuzimva ngati ndagi. Tikati nyumba yopanda khomo, yankho n'kukhala dzira, chiganizocho chanyenga maso koma sichinaname, monga anenera bambo a ku Zomba. Ana athu anakula nazo. Bwanji osayamba ndi mafunso a m'Chichewa kuti agwire kachitidwe kake, kenako n'kuwolokera ku Chingerezi? Ndayesa awiri usiku uno:

Mlonda wabisala mwa ogalukira (4)
Mbawa kapena K5,000, mwachitsanzo (6)

Loyambalo ndatengera la Yorkshire lija. M'kati mwa ogalukira muli GALU, mlonda wa pakhomo. Lachiwiri ndi MTENGO, wa m'nkhalango ndi wa pamsika. Pakamwa timawasiyanitsa ndi kamvekedwe, koma polemba ndi liwu limodzi, ndiye Chichewa chili ndi chuma chambiri cha mtundu umenewu. Kamba ndi nyama ya chigoba, kamba ndi chakudya cha paulendo, kamba ndi kulankhula.

Pamene ndakakamira ndi pa kubweza mawu. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu ndipo ambiri amayamba ndi lembo lopanda liwu, ndiye ukawawerenga chobwerera chilembo ndi chilembo zimatuluka zopanda pake. LAKO imakhala OKAL. Koma ukabweza maphatikizo, la ndi ko, imatuluka KOLA. MATA imakhala TAMA. Ine ndikuona kuti m'Chichewa kubweza kuzikhala kwa maphatikizo, bola tiwauziretu ana lamulolo.

Mayi wophunzitsa ku Leeds

Aphunzitsi a ku Kasungu, la mlonda lija ndi labwino kwambiri, chifukwa chiganizo chake chikumveka ngati nkhani yeniyeni ndipo palibe liwu lotsala lopanda ntchito. Nanga ng' muchita naye bwanji, monga mu ng'ombe? M'Chingerezi kachizindikiro ka pamwamba samakawerengera, amangokasiya.

Mphunzitsi wa Chichewa, Kasungu

Ife sitingakasiye amayi, chifukwa ng' wa mu ng'oma ndi ng wa mu ngozi ndi maliwu awiri osiyana, ndipo mwana akazolowera kukasiya adzakasiyanso pa chimangirizo. Ndinaganiza zoika ng' yense m'kabokosi kamodzi, koma ndiye liwu lodutsa pamenepo liyenera kukhalanso ndi ng', zomwe zipanikiza wokonza. Chosavuta n'chakuti kachizindikiroko kakhale m'kabokosi kamodzi ndi g, ndipo kabokosi kameneko kakhale kosadutsidwa ndi liwu lina. Ng'ombe ikhale ya timabokosi 6.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Ntcheu

Aphunzitsi anzanga, kalabu yatha pompano, ndikulemba ndili m'sitafu rumu choko chili m'manja. Ndinayamba ndi galu ndi mtengo, anazipeza mphindi zosakwana zisanu. La Shire linawatengera nthawi mpaka mwana wina wa Fomu 3 anaimirira n'kukaphimba York ndi dzanja pa bolodi, kalasi lonse linakuwa. Nditafotokoza za 14, ndinawauza kuti onse awiri anawerenga molondola koma E wa HECTARE ndiye waweruza. Mnyamata uja anapempha choko n'kulemba lake lofuna DRAWER yokha: Returned prize for artist. Bambo a ku Zomba, tandiuzani ngati lili bwino ndisanamuyamikire pagulu.

Crossword ya pa bolodi yatsala mafunso asanu. Limodzi ndayamba kale kuliona: Snoop around worker in larder (6). Worker ndi ANT wa pa tchati chija, ndiye around ayenera kuti akundiuza kuti liwu lina la zilembo zitatu limukute ANT mbali zonse ziwiri. Musandiuze yankho, ndikufuna tilipeze ndi ana Lachitatu likudzali.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Funso la mnyamatayo lili bwino. Returned wagundana ndi prize yekha, artist watsala kumapeto ngati tanthauzo, yankho ndi DRAWER popanda mkangano. Muyamikireni, koma mumuuze aike (6) kumapeto, waiwala. Za larder sindinena kanthu, njira mwaitenga ndi yomweyo.