Makope angawa ndimupatse chinkhoswe chisanachitike, kapena ndiwatenthe?

Adimini ndibiseni dzina chonde. Ndine mwamuna wa zaka 33, mphunzitsi wa ku sekondale, chinkhoswe changa chili mwezi wamawa koma tulo sindikutiona.

Vuto ndi makope anga. Chiyambire ku koleji ndimalemba zonse zondichitikira, zabwino ndi zonyansa zomwe, panopa akwana anayi ali pansi m'sutikesi. Mmenemo muli atsikana onse amene ndinayenda nawo, mulinso nkhani ya mayi wa mwana wanga. Mwanayo bwenzi langa akumudziwa, ali ndi zaka 6, mpaka anamugulira yekha nsapato za kusukulu. Chimene sakudziwa n'chakuti mayi akewo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa mayi anga kumudzi, amabwera kudzawathandiza kutonola chimanga ndi kutunga madzi, komanso kuti pa maliro a agogo, titayamba kale chibwenzi ndi uyuyu, ndinakagona kumeneko usiku umodzi. Kamodzi kokha koma ndinalemba, tsiku ndi nthawi yomwe.

Ndinali nditatsimikiza kuti ndimupatse awerenge yekha, alowe m'banja akudziwa munthu amene akumulola. Chandibweza ndi nkhani ya Leo Tolstoy, wa ku Russia uja analemba War and Peace ndi Anna Karenina. Iyeyu anachita ndendende zimene ndikufunazi. Mu 1862 ali ndi zaka 34 anafunsira Sofia Behrs, mtsikana wa zaka 18 wa ku Moscow, ukwati unachitika patangotha sabata imodzi, ndiye ukwatiwo usanachitike anamupatsa makope ake kuti awerenge. Mtsikana anapezamo za juga, za akazi amene anagona nawo, ndi za Aksinya, mayi wokwatiwa wa pamudzi pake pa Yasnaya Polyana amene anabereka naye mwana wamwamuna. Sofia analira koma anakwatiwabe. Atafika kwa mwamuna wake, tsiku lina anamuona mayi yemwe uja akukolopa m'nyumba mwawo, tangoganizani. Nsanje imene inamugwira anailemba m'kope lakenso, ndipo awiriwa anakhala akuwerengerana makope zaka ndi zaka, aliyense akulemba podziwa kuti mnzake adzaona, kubayana ndi cholembera.

Chimandipweteka n'chakuti mayiyu sanali waulesi kapena wopanda chikondi. Anabereka ana 13, asanu anamwalira ali aang'ono, usiku ana akagona iye amakhala pa nyali kukopera pamanja War and Peace chifukwa malembedwe a mwamuna wake anali ovuta kuwerenga, mwamuna akakonza iye kuyambiranso, chibuku chonse chija kangapo konse. Ndi iyenso amayendetsa chuma ndi kusindikiza mabuku. Koma atakalamba anakangana koopsa, bamboyo akufuna kusiya mabuku ake kuti aliyense azisindikiza ulere, mayi akuti nanga ana adya chiyani. Mu 1910 mdalayo ali ndi zaka 82 anathawa panyumba usiku, anadwala m'sitima ya pamtunda n'kukamwalirira pa siteshoni ya Astapovo. Mkazi wake amene anakhala naye zaka 48 m'banja anthu anamuletsa kulowa, amangosuzumira pawindo, anamulowetsa mwamuna wake atakomoka kale. Sindikuti kope ndi limene linachititsa zonsezi ayi, koma bala loyamba linachokera pamenepo ndipo silinapole.

Ndiye ndithandizeni abale. Ndikabisa ndikhala ndikumanga banja pa bodza, komanso kumudzi anthu sasunga pakamwa, tsiku lina adzamva kudambwe kapena kuchigayo. Ndikamupatsa ndikuopa ndimupha mtima ngati Sofia. Mtsikanayu ndimamukonda kwambiri, ndipo sanandilakwirepo.

NDEMANGA

Mwana wanga, ine ndakhala mlangizi ku mpingo kwathu zaka zambiri. Kope usamupatse. Mkazi zimene wamva ndi khutu zimazirala, koma zimene wawerenga ndi maso, mawu ako enieni mmene unkamuyamikira mkazi wina, adzazinena pamtima ngakhale ali ndi zidzukulu. Koma za pamaliro zija umuuze ndi pakamwa pako, mutakhala pansi, chinkhoswe chisanafike. Zimenezo si zakale, unamulakwira iyeyo.

Achimwene tenthani zimenezo mawa m'mawa. Za akazi a ku koleji zikumukhudza chani, inuyo munamufunsa ake?

Ine ndikuyankha ngati mkazi amene zinandichitikira. Ndinamva patatha zaka zitatu ndili ndi pakati, anandiuza ndi mlamu wanga titayambana pa nkhani ya ndiwo. Chinandiwawa si chigololocho kwenikweni, koma kuti banja lonse limadziwa, limandiona ndikumutumizira mkaziyo sopo ndi shuga. Muuzeni asankhe yekha, akakukanani ndi ufulu wake.

Aphunzitsi, funso langa ndi limodzi. Tolstoy wanuyo anamupatsa mtsikana makope kutatsala masiku ochepa, zovala atasoka, anthu ataitanidwa, akanakana bwanji? Inunso mwadikira mpaka zitenje zagulidwa. Mukufuna kumuthandiza iyeyo kapena mukufuna kungotula katundu wanu pamutu pake kuti inu mugone bwino?

Komanso mukayezetse magazi nonse awiri, zimenezi musaiwale. Ndipo amalume anu ngati nkhoswe adziwe za mayi wa mwanayo kukhala pafupi ndi kwanu, akonze malire ake panopa.

MWINI NKHANI

Zikomo nonse, ndawerenga iliyonse. Bambo amene mwafunsa za kutula katundu mwandilasa, ndakhala chete kwa nthawi ndithu chifukwa ndi zoona, ndimafuna kope linene zimene pakamwa panga pakukanika. Sindimupatsa. Loweruka akubwera kudzatenga ndalama ya telala, ndimuuza ndekha za pamaliro ndi za kumene mayi wa mwana amakhala, ndipo ndimuuzanso kuti ngati akufuna tsiku lisunthe kapena lithe, ndikawafotokozera ndine akwawo ndi akwathu, manyazi akhale anga. Chimene chatsala n'chakuti ndiyambe ndi amalume kapena ndi iyeyo. Amayi a ulangizi aja, ngati mulipobe, pamenepa mundiuze.